Mabowo Awiri pa Maliro a Aphunzitsi Mvula

Nkhani iyi ndimaithawa. Wina akangoiyamba kudoko, ine ndimanyamuka kukaona ngati nsomba zanga zauma. Koma popeza aliyense akuikamba mmene akufunira, ena mpaka kuwonjezera zoti ndinalowa m'bokosi la maliro, lekani ndiikambe ndekha. Manyazi asenzedwe ndi mwini wake.

Ine ndine wogula ndi kugulitsa. Nsomba zouma, mabatire, injini za maboti zimene eni ake anazitaya mtima, chilichonse chimene munthu watopa nacho. Sukulu ndinangoinunkhiza, zina zonse ndinaphunzira ndi maso ndi zala. Pano pa Feira, ngakhale kutsidya ku Zumbo, amadziwa kuti ndikanyamula chinthu n'kufunsa kuti "zingati", mwini wake mutu umayamba kumuwawa. Sindinagulepo kanthu pa mtengo woyamba. Wachiwirinso ndimauona ngati chipongwe.

Mnzanga wa pamtima anali Aphunzitsi Mvula, amene anaphunzitsa theka la boma lino kuwerenga, kupatula ine. Mabanja athu ndi a usabwira kuchokera kwa makolo. Kwathu kumtsinje kuno sabwira ndi mnzako wa pa imfa. Ukamwalira ndiye amakusambitsa, kukuveka ndi kukuperekeza. Ndiyenso yekha wololedwa kukunyoza pa maliro ako. Amavala zovala zako, kuyenda mmene unkayendera, kuulula timakhalidwe tako, kuti olira apumeko. Akafuna amagona pabokosi n'kukana kuti lituluke mpaka abale amupatse kenakake. Chilichonse chimene sabwira achita tsiku limenelo ndi sewero, ndipo palibe amakwiya naye.

Atapuma ntchito, Aphunzitsi anagula kompyuta yakale ku ofesi ina imene inkataya katundu. Zija za chibokosi pansi pa tebulo, sikirini yake ya chimsana ngati mvuu. Ankaikonda kwambiri, koma iyo sinkawakonda. Ukapita kwawo unkapeza miyendo yokha itatulukira pansi pa tebulo, mwini wake ali kuseri kwa chibokosi kulimbana ndi mawaya, akung'ung'udza kuti, "Iwe chinthu iwe, ndinakulakwira chiyani?" Boma lonse linkawadziwa mawu amenewo.

Mwana wawo mmodzi yekha, Esinati, ndi nesi kunja, kutsidya kwa nyanja yamchere. Masiku amenewo mafoni oonetsana nkhope anali asanafike kuno. Ankalankhula naye pa kompyutayo, kamodemu atakabaya kumbuyo, mahedifoni okhala ndi kamaiki ali kumutu. Mawu chabe, nkhope ayi.

Matenda atawagwira anandiitana.

"Asabwira, mukapita ku Lusaka ndi nsomba mukandigulire kamera ya pa kompyuta. Mwanayu andione ndikadali ndi masaya."

"Masaya ake ati? Ine ndikuona makutu chabe apa."

"Chokani, mfiti inu! Ndipo musakachedwe ndi kunenerera kwanu kuja."

Ku Lusaka ndinaipeza m'kashopu ka mayi wina. Kanthu kozungulira ngati diso la ng'ombe, kachingwe kake ka USB. Tinalimbana pa mtengo mpaka mayiyo anapempha madzi akumwa. Akukulunga anandifunsa:

"Mudala, kompyuta yanu ili na ma USB angati?"

"Kumbuyo kwake kuli mabowo ngati chisa cha mavu. Osadandaula."

"Si onse a USB. Zakale zija zimakhala na awiri chabe. Tengani na ka hub aka. Mubaya pa bowo limodzi, kakupatsani anayi."

Ndinakayang'ana. Kakang'ono ngati bokosi la machesi. Mumtima ndinati ndakudziwa iwe, wagulitsa mbuzi manje ufuna ugulitsenso chingwe chake padera.

"Ikani ka mbasela."

"Awe, aka n'kogula."

"Ndiye kakhale."

Ndinachita zimene ndachita moyo wanga wonse. Ndinatenga kamera yanga, kutembenuka, n'kuyamba kuyenda pang'onopang'ono, khutu lili kumbuyo kudikira mawu aja okoma akuti "Bwerani mudala, tengani." Ndinayenda pang'onopang'ono chonchi mpaka pa siteshoni ya basi. Mayi uja sanaitane. Ndinakwera basi ndikudziuza kuti waluza ndi iyeyo.

Nditatsika pa boma ndinamva nyimbo ndisanaone nyumba. Ndinaima pakati pa msewu, kamera ili m'thumba la malaya, mpaka wanjinga wina anandiimbira belu. Aphunzitsi sanandidikire.

Unali mwezi wa October. Amene anakhalako kuno ku Luangwa mu October akudziwa kuti maliro sagonekedwa kudikira munthu. Esinati sakanafika ngakhale akanamera mapiko. Anaimba pa foni ya amake, ndipo atalira nawo anapempha ine.

"Ankolo, kamera ija munagula?"

"Ndinagula, mwana wanga."

"Ndiye mawa musanatseke bokosi ndiwaoneko. Kamodzi chabe. Ndinawasiya tsitsi lili lakuda."

"Uwaona. Ine ndi mawaya timadziwana."

M'mawa ndinagwira ntchito yanga. Ndinamusambitsa mnzanga, kumumeta, kumuveka suti yake ya ku tchalitchi. Anali wopepuka ngati bango. Kenako ndinatenga jekete yake yakale ya ku sukulu, ija ya choko m'matumba, ndi magalasi ake, n'kutuluka panja ndikuyenda mokoka mwendo mmene ankachitira. Ndinatola kamtengo n'kuyamba kuphunzitsa akuluakulu a mpingo a, e, i, o, u. Azimayi a ku makuka anandithamangitsa n'kundipaka ufa kumaso mpaka ndinayera ngati khoma la chipatala. Anthu anaseka. Ine ndinapitiriza sewero, pakuti sabwira salira anthu akuona.

Nthawi ya body viewing, yoona nkhope, itayandikira anaika bokosi m'chipinda chochezera, pafupi ndi tebulo la kompyuta, monga ndinapempha. Woyendetsa zonse anali mng'ono wa malemu, a Yotamu, munthu wa wotchi. Lole yonyamula maliro inali yobwereka, ndipo mwini wake ankaifuna masana asanafike kuti ipite ku Mburuma kukatenga makala.

"Asabwira, zanu za mwanayo zisatichedwetse. Dzuwa ili mukuliona."

"Five minutes, a Yotamu. Mudzangomva ndikuti tsekani."

Ndinagwada pansi pa tebulo n'kusuzumira kuseri kwa chibokosi. Mabowo analipodi ambiri. Lozungulira la kiyibodi. Tiwiri ting'onoting'ono ta mahedifoni, kobiriwira ndi kofiira. Lina lalitali la mano ambiri limene sindikudziwa ntchito yake mpaka lero. Koma a USB anali awiri. Limodzi munali modemu. Lina munali mausi. Kamera ili m'manja mwanga.

Bwato la anthu awiri, okwera atatu. Ukatsitsa modemu palibe netiweki. Ukatsitsa mausi palibe woimba foni. Nkhope ya mayi wa ku Lusaka inandibwerera, ndi kabokosi kake ka machesi.

Kenako ndinaona bowo lina pambali pomwepo, lokulirapo pang'ono, lopanda kanthu. Ndinayesa. Kanalowa! Osakakamiza, osasema ndi mpeni, kanangokhala bwinobwino ngati kwawo. Ndinadzamva pambuyo pake kuti bowo limenelo ndi la waya wa netiweki ya m'maofesi, ndipo ndi USB sizidziwana n'komwe, zinangofanana kukula kwa pakamwa. Koma tsiku limenelo ndinatuluka pansi pa tebulo ndikuseka mumtima. Hub ya chiyani? Anthu a m'tauni kuba!

Ndinavala mahedifoni, kuimba, Esinati n'kuyankha. Sipika kunalibe, wakumva ndinali ine ndekha.

Anthu anayamba kulowa pamzere, nyimbo ili pansipansi. Amake Esinati anakhala pamphasa pafupi ndi bokosi, atafunda chitenje kumutu. Chimwalirireni amuna awo anali asanadye kapena kulankhula ndi munthu. Ndinanyamula kamera n'kuiloza pankhope pa mnzanga.

"Ndi awa atate ako, Esinati. Aone."



"Ankolo, kuno kuli mdima chabe."

"Yang'anitsitsa."

"Kulibe kanthu, Ankolo. Kwada bii."

Ndinacheukira pa sikirini. Pakona pamene pankayenera kuoneka chithunzi chathu panali kabokosi kakuda. Ndinavula mahedifoni n'kudziponya pansi pa tebulo, mutu kuseri kwa chibokosi, miyendo panja. Ndinagwedeza kachingwe. Ndinazula, kuuzira mpweya, kubwezera momwemo. Ndinasuzumira pa sikirini, bii. Ndinabwerera pansi. Ndipo mawu anangotuluka okha, Mulungu ndi mboni sindinawakonze:

"Iwe chinthu iwe, ndinakulakwira chiyani?"

Nyimbo inaduka.

Wina kumbuyo anati "Hii!" Wina anaphulika n'kuseka. Taganizani zimene ankaona: jekete ya choko, miyendo itatulukira pansi pa tebulo lomwe lija, mawu omwe aja.

"Mayo ine, ndi iwowo! Ndi Aphunzitsi enieni!"

"Onani mmene akuponyera mwendo! Sabwira uyu ndi mfiti!"

Ndiye ndinamva kuseka kwina kumene ndinkakudziwa. Amake Esinati! Ankaseka misozi ili chuchuchu, akumenya mphasa ndi dzanja.

"Choncho, choncho! Chakudya chimazizira pa tebulo iwo ali pansi pomwepo!"

Nyumba yonse inagwa nacho chiseko, ena akulira momwemo. Pa maliro onse amene ndagwirapo usabwira sindinaseketsepo anthu chonchi, ndipo ndinali ndisakuchita sewero.

Pansi paja nzeru inabwera mochedwa: foni yalumikizika kale, mausi yatha ntchito, izule ubaye kamera pamalo pake. Ndinapapasa mumdima, magalasi a eni ake akundionetsa zinthu ziwiriziwiri, ufa ndi thukuta zikulowa m'maso. Ndinagwira chinthu n'kukoka.

Chinatuluka m'manja mwanga chinali modemu.

"Basi asabwira, mwatipepuza mitima," anatero a Yotamu akupukuta m'maso. "Anyamata, bweretsani chivundikiro."

Ndinatuluka ngati ng'ona yaponyedwa mwala.

"Dikirani! Mwana sanaone!"

"Eee, sanaone," anavomera anthu mokondwa.

"Ndikunena zoona! Kamera sinagwire! Ndinabaya pa bowo lolakwika!"

"Ngakhale malemu ankatero!"

Anyamata anaika chivundikiro. Ndinalumpha n'kugona pamwamba pake chafufumimba, manja nditakumbatira bokosi. Ndi chinthu chokhacho chimene ndinaganiza. Ndinaiwala kuti ndi chinthu chomwechonso chimene sabwira aliyense amachita.

Anthu anaomba m'manja. Makobidi anayamba kugwa pamsana panga.

"Sindikufuna ndalama zanu! Ndipatseni kanthawi chabe!"

"Mwamva? Akuti zachepa!"

"Uyu ndi uja wa kudoko, simukumudziwa? Mtengo woyamba salandira!"

"A Yotamu, chonde, valani mahedifoni mumve nokha. Mwana akulira uko!"

A Yotamu, pofuna kusangalatsa anthu, anawavala mwaulemu ngati chisoti cha bishopu. Anamvetsera. Modemu inali m'thumba la jekete yanga.

"Muli zii," analengeza. "Kapena Aphunzitsi sanafike kumene akupita. Akafika atiimbira."

Chiseko china.

"Chabwino asabwira, tawonjezera nkhuku," anatero a Yotamu.

"Sindikufuna nkhuku!"

"Tambala, osati kamsoti."

"A Yotamu, ndikukupemphani m'dzina la Mulungu!"

"Hee, wafika pa Mulungu! Mpatseni kambuzi kaja, tingagone pano!"

Moyo wanga wonse ndakhala ndikunenerera, koma sindinakwezepo mtengo msanga ngati tsiku limenelo. Ndinkati ndikalira, mtengo ukukwera. Ndinayang'ana amake Esinati kuti mwina iwo aona kuti misozi iyi si ya sewero. Anandigwira dzanja n'kunena motsitsa:

"Zikomo asabwira. Munamukonda mnzanu. Mulekeni apite manje, kwatentha."

Anyamata anandinyamula ngati thumba la nsomba n'kundikhazika pakona. Ndinamva zomangira za chivundikiro zikulira. Nyimbo inayambanso, bokosi linatuluka, lole inalira. Pabwalo panatsala mbuzi yomangirira pa mtengo wa mango ndi tambala womanga miyendo. Zanga.

Sabwira amayenera kutsogolera kumanda. Ine ndinatsala. Sindikudziwa chimene ndinkafuna, mwina kungomuuza mwanayo ndi pakamwa panga kuti ndalephera. Ndinabwezera modemu pamalo pake. Inaganiza, inaganiza, mpaka kagetsi kake kanayaka. Ndinaimba.

"Ankolo! Foni inaduka. Mwatseka kale?"

Mawu amene ndinakonza anathawa.

"Dikira pang'ono, mwana wanga."

Ndinaika mahedifoni pansi n'kulowanso kunsi kwa tebulo, ulendo uno chagada, kuti ndione bwino. Manja ankangofuna kumaliza chimene anayamba, ngakhale kunalibenso choonetsa. Ndinazula mausi, mausi yeniyeni, n'kubaya kamera pamalo pake. Kamerayo inagwa kuchokera pa tebulo n'kutsala ikulendewera pa chingwe chake, pamwamba pa nkhope yanga. Chibokosi chinayamba kukukuta mkati mwake, kudziwana ndi mlendo. Ufa unkandiwawa m'maso. Ndinatsinzina n'kugona pomwepo, wotopa ngati ndapalasa bwato kukwera Zambezi.

Ndiye m'mahedifoni, pafupi ndi khutu langa, munatuluka kamawu kakang'ono ngati ka udzudzu.

"Atate."

Ndinatsegula diso limodzi pang'ono. Kagetsi ka kamera kanali katayaka.

"Atate, ndakuonani."

Ndinatsinzinanso.

Taganizaninso zimene ankaona iye, pa kamera yotchipa, m'chipinda chamdima, netiweki ya ku Feira ikutumiza chithunzi chimodzi n'kupuma: nkhope yotuwa, maso otseka, magalasi a atate ake, kolala ya jekete imene ankaidziwa kuyambira ali mwana. M'nyumba muli zii, ngati anthu atuluka dala kuti atsazikane ndi kholo lake.

Ndikanadzuka. Ndikanati, "Esinati, ndine." Koma anali atayamba kale kulankhula, ndipo mawu amenewo sanali oti munthu n'kuwadula.

"Atate, mundikhululukire sindinabwere. Ndinkati ndibwera pa Khirisimasi. Nsapato zija munanena ndinagula, zili pano pansi pa bedi. Kuno ndimasambitsa atate a anthu ena tsiku ndi tsiku. Ndimawatseka maso, ndimawagwira dzanja. Inu wakugwirani dzanja ndani?"

Ntchentche inatera pamphuno panga. Inayenda, inaima, inapukuta manja ake. Sindinagwedezeke. Mpweya ndinkaukoka pang'onopang'ono ngati ndikuuba.

"Munkati ndikadzabwera mudzandiperekeza pa mathero a Luangwa tikaone pamene madzi awiri amakumana, ngati kale. Ndidzapita ndekha. Musadandaule za amama, ndiwasamala. Gonani, atate. Mwatopa."

Anayamba kuimba kanyimbo ka Sande sukulu kamene atate ake ankaimbitsa ana. Mawu ankaduka, kubwerera, kuduka. Misozi yanga inatsika m'mbali kulowa m'makutu, ikukumba tinjira mu ufa. Ndinathokoza Mulungu kuti ndinagula kamera yotchipa. Ndinalira mnzanga pamenepo, nditagona m'malo mwake, kulira kopanda mawu ndi kopanda kugwedeza chifuwa. Amene sanayesepo asayese.

Nyimbo itatha anati, "Ankolo, mungatseke manje."

Dzanja langa linali kale kuseri kwa chibokosi. Ndinazula kamera pang'onopang'ono. Ndinakhala tsonga, kudzigunda mutu ku tebulo, n'kuvala mahedifoni.

"Ndili pano, mwana wanga."

"Zikomo, Ankolo. Simudziwa chimene mwandichitira. Mtima wanga wakhala pansi."

"Ndi ntchito yathu."

Anafwenthera.

"Koma Ankolo, matendawa ndi oipa. Anawasintha zedi."

"Ee, anawafooketsa."

"Si kufooka chabe. Mphuno ija! Makutu aja! Atate anali mwamuna wooneka bwino, Ankolo. Bwanji simunandiuze kuti afika ponyansa chonchi?"

Ndinayang'ana mbuzi yanga pawindo. Nayo inkandiyang'ana.

"Imfa ilibe ulemu, mwana wanga," ndinatero.

Bowo likakulandira msanga, yamba walifunsa ngati ndi lako.